Diresi Langa pa Thupi la Haddy

Seattle, 18 Febuluwale 2024

Okondedwa bambo a Sirreh,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi amayi, ndi mwana wathu Sirreh, ndi onse a pakhomo ku Brikamako. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akusunga. Mvula yokha ndiyo sidziwa kukata, imangowaza tsiku lonse ngati munthu wonyowetsa malaya asanasite.

Mudabwa kuti ndalemberanji kalata pomwe foni ilipo. Chifukwa chake ndinu. Ndikaimba mumakweza mawu kuti pakhomo ponse pamve, ndiye ndimapezeka ndikucheza ndi amayi, ana a aneba, ndi nkhuku zomwe. Mwamuna wanga ndimalankhula naye liti? Kuyambira lero ndizilemba papepala, n'kujambula, n'kukutumizirani. Muziwerengera ku shopu, muli nokha, makina osokera mutaimitsa.

Ndalama za malata ndatumiza dzana. Mugule okhuthala, osati aja ochita dzimbiri ndi mvula imodzi. Sirreh mumugulire nsapato za kusukulu, akuti zala zayamba kusuzumira kunja. Ntchito ya kunyumba yosamalira okalamba ikuyenda, nkhalamba zathu khumi ndi ziwiri zonse zilipo, ina inandiluma chala Lolemba koma ilibe mano.

Tsopano nkhani yanga. Zithunzi za mwambo wopatsa dzina mwana wa mchemwali wanu ndaziona. Nsalu ya banja munaisoka bwino, aliyense anatchena. Koma tandiuzani, Haddy wogulitsa madzi a chidede pakhomo pa shopu yanu analowa liti m'banja mwathu kuti avale nawo nsalu ya banja? Izo zilekeni. Chandipweteka ndi khosi la diresi lake. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka nkhope yake inasanduka phala. Khosi lija la timasamba titatu ndi langa. Munalipeka pa ine chaka chimene tinakwatirana, munati simudzasokera mkazi wina aliyense mu Gambia monse. Kapena Haddy si mkazi? Kapena Brikama inasamuka mu Gambia ine nditachoka?

Zimene amayi anu akhala akunena ndikuzidziwa. Akuti mwamuna sangagone yekha zaka zisanu ndi chimodzi, mkazi ali kutsidya kwa nyanja, mwana mmodzi yekha, wamkazinso. Ndikudziwanso kuti Haddy ndi wamasiye, ndipo amawagwadira amayi popereka moni mpaka bondo kugunda pansi. Chipembedzo chimalola mitala, sindikutsutsa. Koma tsiku limene munandiperekeza ku bwalo la ndege munanena ndi pakamwa panu kuti nyumba imene ndikupita kukaivutikira idzakhala ya mkazi mmodzi. Ndikusintha matewera a nkhalamba za eni ake chifukwa cha mawu amenewo. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a Sirreh.

Nsanje ndili nayo, sindibisa. Munandikwatira mukuidziwa.

Kuntchito anatiuza tonse opitirira zaka makumi anayi kuti tikajambulitse pachifuwa, ndipo ndinapita. Andiitananso Lachinayi, ati chithunzi china sichinaoneke bwino. Makina a kuno nawonso amalakwitsa, musadandaule.

Ine wanu,
Nyima

Seattle, 17 Malichi 2024

Bambo a Sirreh,

Moni wa mwezi wa Ramadani, Mulungu alandire kusala kwanu ndi kwa amayi. Ndamva kuti uko kukutentha koopsa, muzimwa madzi okwanira m'mamawa musanayambe. Ine ndilipo. Chaka chino sindikusala, adokotala andiletsa, masikuwo ndidzabweza m'tsogolo. Amayi musawauze, angayambe kunena kuti Amereka wandidyera chipembedzo.

Mwezi uno zimene nditumize zichepa, ndili pa tchuthi cha masabata awiri. Lachiwiri lapitali anandichotsa kanthu kakang'ono cha kumanzere kuno, kongolingana ndi njere ya mtedza. Ndinalowa m'mawa, madzulo ndinali kunyumba. Mkono wokha ndiwo sukukwera bwino. Mpunga ndi shuga mugule theka la thumba kaye, zitseko zidikire.

Tida, mnzanga wa ku Gunjur amene ndimakhala naye nyumba imodzi uja, akundisamala, koma pakamwa pake sipatsekeka. Dzulo akundimanga bandeji anati, "Iwe Nyima, amuna ako wawauza?" Ndinati, "Ndawauza kuti ndili bwino." Iye amvekere, "Ndiye bodza limenelo udzalifotokoza bwanji tsiku lovula malaya pamaso pawo?" Ndinamuuza kuti aziyang'ana za mwamuna wake wa ku Italy, amene amaimba foni pa chikondwerero cha nsembe cha Tobaski pokha ngati nkhosa. Anandimanga bandeji mothinitsa dala.

Yankho lanu pa za khosi lija ndalimva. Mwati Haddy anaona chithunzi changa pakhoma la shopu n'kupempha khosi lomwelo, ndipo kasitomala sakanizidwa. Chabwino. Tsiku limene adzapemphe bedi langa adzakhalanso kasitomala?

Ndinalankhula ndi Sirreh Lachisanu. Ndinamufunsa amene anamuluka tsitsi, chifukwa mizere inali yowongoka bwino, osati ya agogo ake yokhotakhota ija. Anati, "Anti Haddy." Ndinati, "Anti wa mbali iti, ya bambo ako kapena yanga?" Mwana anazemba funsolo. Kenako anaulula yekha kuti dzuwa likamalowa mbale ya mpunga wa benachini imafika pakhomo, yovindikira ndi kansalu koyera, ndipo inu mumadya mpaka kukanda pansi pa mbale. Zoona, bambo a Sirreh? Inu amene munkati mpunga wophika wina aliyense umakupatsani chilungulira?

Za tsitsizo zandiwawa kuposa za mpunga. Mutu umenewo ndinausiya uli ndi timizere tinayi tokha, ndinkauluka ine atakhala pakati pa miyendo yanga. Lero wina akuudziwa pomwe pali liwombo kuposa ine.

Mbale ya mkazi wamasiye siyenda ulendo womwewo masiku makumi atatu popanda chimene ikufuna. Muibweze. Ngati mukuchita manyazi, mumuuze kuti mkazi wanga wa ku Amereka ndi wamisala. Ndivomera.

Ine wanu,
Nyima

Seattle, 14 Epulo 2024

Bambo a Sirreh,

Moni ndikukupatsani chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa mtima uli m'malo. Amayi ndi Sirreh muwapatsenso moni, ndamva kuti chikondwerero chomasula kusala chinayenda bwino. Za thanzi langa muzimva m'munsimu. Yambani mwakhala pansi.

Mawu amene munandisiyira pa foni ndawamvetsera kasanu ndi kawiri, Tida kawiri. Mwati ndisamuganizire zoipa Haddy, amalowa kuseri kwa katani wa shopu chifukwa cha ine. Mwati mukundisokera diresi la Tobaski, la nsalu yonyezimira ya buluu, ndipo popeza ndili kutali mumaliyesa pa iye, chifukwa thupi lake ndi langa n'chimodzimodzi, chifuwa, chiuno, mapewa. Munanena mukuseka, ngati munthu wopereka mphatso.

Munadziwa bwanji kuti n'chimodzimodzi? Tepi yanu ndimaidziwa, siyeza ili patali. Ndimadziwa mmene mumaimira kumbuyo kwa munthu, mapini ali kukamwa, n'kunena kuti tapumirani m'kati. Inenso munandipeza choncho. Ndiye diresi langa, lisanandikhudze ine, lamva kale thukuta la Haddy. Telala yekha ndi amene angachite zimenezi n'kumadikira kuti athokozedwe.

Tsono mvetserani. Haddy salinso saizi yanga. Kanthu kaja sikanali kanthu wamba, inali khansa, m'bere lamanzere. Anaigwira ikadali yaing'ono, isanafalikire kwina kulikonse. Anadula chotupacho ndi mnofu wozungulira, bere anandisiyira. Koma laphwa mbali imodzi, lili ndi chipsera chotalika ngati chala, ndipo likuyang'ana kumbali ngati landikwiyira. Kayeseni zimenezo pa Haddy.

Sindinafune kukuuzani mwa mkwiyo chonchi. Ndinkafuna kudikira mpaka zonse zitatha. Ndinkaopa, Sarjo mwamuna wanga. Kwathu munthu akangomva dzina la matenda amenewa amayamba kukulankhula motsitsa mawu ngati wagona kale pa mphasa ya maliro. Sindinafune kuti muzindiyang'ana choncho pomwe pakhomo pa shopu pali mkazi wathunthu. Chakudza sichiimba ng'oma, chinandipeza ndikusintha matewera.

Chatsala ndi kuwotcha pamalopo kuti mbewu yake isamerenso. Adokotala anga ndi mayi wodekha wa imvi, anandijambulira zonse papepala. Anati cheza chimene amawotchera masiku onse chimalowa m'thupi n'kupitirira, ndipo kuseri kwa bere lamanzere kuli mtima, wanganso unakhala pafupi kwambiri ndi nthiti. Koma pali makina ena oponya timbewu ta mphamvu totchedwa mapulotoni, timene timafika pomwe atiloza n'kuima pomwepo. A inshuwalansi ya kuntchito akana, ati n'zodula, njira yakale ndi yokwanira. Adokotala awalemberanso kalata yamphamvu. Tikudikira.

Chinthu chimodzi ndikukupemphani, ndagwada. Amayi asamve. Akangomva, mtedza wa kola wofunsira ukwati ukhala uli kwa makolo a Haddy sabata isanathe.

Nyima

Seattle, 12 Meyi 2024

Okondedwa bambo a Sirreh,

Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Ine ndilipo, ndikudya, ndikuyenda. Zikomo chifukwa cha foni ija. Munalira, ndinamva, ngakhale munanamizira chimfine. Koma kuchokera tsiku limenelo mwaimba kawiri kokha, ndipo mumangofunsa ngati mvula yakata.

A inshuwalansi avomera. Ndinayamba Lachitatu, ndawotchedwa katatu, onse pamodzi adzakhala maulendo makumi awiri. Ndimapita m'mawa uliwonse kupatula Loweruka ndi Lamlungu, kenako n'kukwera basi ya kuntchito. Musaganize za moto. Palibe chimene umamva, ngakhale kutentha. Amandigoneka pa kabedi kolimba, pa pilo amene anamuumba motsata msana wanga, manja pamwamba pa mutu ngati wakuba wagwidwa pamsika. Makina enieniwo sindinawaonepo, ati ali kuseri kwa khoma, aakulu kuposa mzikiti wathu. Kuyeza kumatenga mphindi makumi awiri, kuwotchako ziwiri zokha.

Ankafuna kundidinda timadontho tosafufutika pachifuwa kuti azilondolera pomwepo. Ndinakana, ndinati ine ndimaswali, sindikufuna inki pansi pa khungu. Sanakangane nane, anangojambula timitanda ndi cholembera n'kumatapo timapepala toonekera, ndipo posamba ndimatizemba. Tida atationa anaseka mpaka kukhala pansi. Amvekere, "Msilamu wakana madontho, apo am'patsa mitanda itatu."

Amene amandiyeza ndi bambo wina dzina lake Mateo, wa ndevu zodula bwino. Amayamba watikita manja ake kuti asandizizire, kenako amandisuntha pang'onopang'ono mpaka mzere wofiira wa kuwala ugwere pa mtanda. Ndakuuzani dala. Ndikufuna mulaweko kukoma kwake kodziwa kuti wina akuyeza chifuwa cha mkazi wako tsiku ndi tsiku. Mwamva chiyani m'mimbamo? Mundiyankhe moona.

Koma chimene chimandidya kwenikweni chili pa mipando yodikirira. Pali mayi wina, a Marlene, wamkulu kwa ine, matenda omwewa, mbali yomweyi. Amuna awo a Gus amayendetsa galimoto maola awiri tsiku lililonse kuwabweretsa. Mkazi akalowa, iwo amakhala atakumbatira kachikwama kake kofiira pamiyendo, osachita manyazi, bambo wamkulu wa dazi. Lachisanu a Marlene anandifunsa, "Amuna ako amagwira ntchito m'mawa?" Ndinati, "Eya, ndi otanganidwa, amasoka." A Gus anati, "Bweretsa chikwama chakocho, mwanawe, maondo ndili nawo awiri." Ndinawapatsa. Nditagona pa kabedi kaja misozi inatsikira m'makutu, ndipo sungapukute chifukwa suloledwa kugwedezeka. Mateo anafunsa ngati pena pakupweteka. Ndinati ayi.

Mayi ameneyu sanandilakwire kanthu, amandibweretsera mafuta opaka pakhungu, koma ndimamuchitira nsanje mpaka moni wake ndimayankha mokakamiza. Mwaona mmene ndasandukira? Ndikuchitira nsanje wodwala mnzanga.

Nkhosa ya Tobaski mugule msanga mitengo isanakwere. Yapakatikati ndi yokwanira, musapikisane ndi aneba. Sirreh mumuuze asiye kutsuka mbale za eni.

Ine wanu,
Nyima

Seattle, 26 Meyi 2024

Sarjo,

Lero ndayamba ndi dzina lanu, kukhululuka kapena ayi zili kwa inu. Moni kwa Sirreh. Mukafuna za thanzi, nazi: khungu lapsa, layamba kusupuka m'munsi mwa bere, kamisolo sindingavale, ndipo ndimatopa ngati ndalima ekala. Adokotala akuti ndi mmene zimakhalira, zipola. Kwatsala maulendo asanu ndi awiri.

Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Chimodzi chokha. Sirreh anandiimbira Lachiwiri ali kuseri kwa bafa, akunong'ona. Anati, "Amayi, n'zoona kuti mumwalira?" Ndinati, "Wakuuza ndani?" Anati, "Agogo anauza azimayi a ku mzikiti kuti akupempherereni, ati bere anadula lonse, ati mwatsala mafupa." Mwana wanga wamva za matenda anga kwa azimayi a pampopi. Ndinamulumbirira kuti sindikufa, ndinamuonetsa nkhope, ndinafufumitsa masaya, ndinaseka mpaka anakhulupirira. Kenako anati, "Nanga kola amene abweretsa amalume awo a bambo ndi wa chiyani? Ali m'chiguduli chonyowa kuchipinda kwa agogo."

Ndinamuuza kuti ndi wa alendo a Tobaski. Inu mundiuza kuti ndi wa chiyani?

Mwati munalephera kusenza nokha, munafuna wina woti mulire naye. Ndamva. Mwa anthu onse a mu Brikama munasankha amayi, okhawo amene ndinawatchula dzina. Ine ndalira ndi khoma miyezi itatu, sindinafe nazo. Madzi akatayika saoleka, tsono musandiuzenso kuti pepani.

Lachinayi ndinapita kwa loya kukafunsa ngati ndingabwere ngakhale masabata awiri okha. Anati mapepala anga akadali m'njira, ndikangotuluka m'dziko muno khomo litsekeka kumbuyo kwanga. Adokotala nawo akuti kuwotchaku kukatha pali mapiritsi a zaka zisanu, ndi kujambulidwa chaka ndi chaka, ndipo zonsezo zamangiriridwa pa ntchito inoyi. Ndiye mwaona pamene ndaima. Ndikabwera kudzalondera mwamuna, mankhwala ndataya. Ndikakhala kuno kusunga moyo, Haddy akulowa m'nyumba ya malata anga. Amayi zimenezi anaziwerengera kale ine ndisanafike kwa loya.

Ndimati ndikagona pa kabedi kaja, manja ali m'mwamba, ndimamuona akutsegula mawindo amene sindinawagwirepo. Ndimamuona akusankha pomwe paikidwe mtsuko wa madzi. Mateo amati ndipume bwinobwino, sadziwa kuti ndikumenyana ndi munthu ku Brikama.

Ngati zovala za ukwati zisokedwe, musokere pa makina akale opalasa ndi mwendo. Amagetsiwo ndinatumiza ndine, asadye nawo.

Nyima

Seattle, 9 Juni 2024

Bambo a Sirreh,

Moni kwa inu nonse. Ndamva kuti miyendo ya amayi yatupanso, muwapititse kuchipatala, musangowapaka mafuta. Ine ndili bwinoko, ndinamaliza Lachitatu.

Kuno ali ndi mwambo wawo, amene watsiriza amaimba belu lopachikidwa pakhoma, anthu n'kuomba m'manja. A Marlene anatsiriza dzulo lake, koma anabweranso ndi a Gus, maola awiri pamsewu, kudzaona ine. Tida anajomba kuntchito. Ndinaimba kamodzi, mofulumira, ndi manyazi. Anatijambula a Gus ataima pambali panga atanyamula chikwama changa. Chithunzicho sinditumiza, amayi angalengeze kuti ndakwatiwa ndi mzungu wadazi.

Phukusi lafika ndi mlamu wake wa Tida. Diresi ndi lokongola, sindinama. Ndaona kuti munaphwasula kumanzere, mwaika nsalu yofewa m'kati, msoko mwausunthira kumbuyo kuti usakhule pachipsera, ndipo mwasokeramo kapilo kakang'ono kuti mbali ziwiri zilingane. Palibe anakuuzani, munaganiza nokha. Ndinalivala, linandikwana, ndinakhala pa bedi n'kulira. Kenako ndinalivula n'kulinunkhiza m'khwapa, m'khosi, paliponse. Munalichapa, ochenjera inu.

Kalata imene inali m'thumba mwake ndawerenga. Mwati kola sanapite. Mwati mwawaletsa amalume mpaka ine nditanena, ndipo amayi amamuwaza madzi m'mawa uliwonse kuti asaume. Mwati amayi sangathenso kuphika, Sirreh pa msinkhu umenewu akufunika munthu wamkazi pakhomo, inu mwatopa, zaka zina zisanu n'zambiri. Mwati ndikati ayi, ndi ayi.

Mwanditula katundu wanu pamutu, bambo a Sirreh. Ndikati ayi, ndine mkazi wouma mtima, wozunza nkhalamba yotupa miyendo ndili kutali. Ndikati inde, mudzauza Brikama yense kuti Nyima anavomera yekha. Tida akuti, "Kana iwe, mwamuna safa ndi kugona yekha." Ndinamufunsa ngati wake wa ku Italy anamulumbirira zimenezo. Sitinalankhulane mpaka madzulo.

Sindinena inde, sindinena ayi. Pamene munkandifuna ine simunafunse munthu. Bambo anga anakubwezani katatu, ati telala sangadyetse mkazi, inu n'kubweranso kachinayi mutanyowa ndi mvula, njinga mutaisenza paphewa. Nthawi imeneyo munkadziwa chimene mukufuna. Lonjezo lija linatuluka pakamwa panu, kulisunga kapena kulithyola ndi ntchito yanu. Mtima wanga mukuudziwa, sunasinthe kuyambira Febuluwale. Koma dzanja lonyamula kolayo likhale lanu, musabwereke langa.

Tobaski ikuyendereni bwino. Diresi ndivala. Chiwindi cha nkhosa mupatse Sirreh, amachikonda.

Ine wanu,
Nyima

Seattle, 14 Julayi 2024

Bambo a Sirreh,

Moni kwa inu, kwa amayi, ndi kwa Sirreh. Ine ndili bwino. Khungu lapola, langoda pang'ono. Mapiritsi ndayamba, amanditenthetsa thupi ngati ndakhalira mbaula. Adokotala anandiona Lolemba, akuti zonse zili m'malo, ndibwerenso mu Disembala.

Zithunzi za ukwati wanu ndi Haddy musavutike kutumiza, anthu achifundo ananditumizira kale, ena kawiri. Khosi la diresi lake linali lozungulira, wamba. Ndaona, koma musadikire zikomo.

Tida akuti mkazi wamkulu amayenera kutumizira wamng'ono kamphatso. Ndatumiza sopo ndi mafuta odzola, otchipa. Chipinda changa chikhale chokhoma, kiyi asunge Sirreh. Zitseko zija mugule, mvula ingaononge nyumba.

M'phukusimo muli kalata ina, ya Haddy. Musatsegule. Koma kuti musavutike mtima, ndikuuzani zili m'menemo. Adokotala anandifunsa ngati ndili ndi mwana wamkazi. Anati akamakula aphunzitsidwe kudzigwira yekha mabere mwezi ndi mwezi, awadziwe mmene alili, ndipo akadzapeza kachilendo anene tsiku lomwelo, asabise. Zimenezi si zophunzitsa pa foni, zimafuna dzanja pamwamba pa dzanja. Inu simungathe. Amayi angaitane mzikiti wonse. Ndayang'ana pakhomo ponsepo, mkazi amene watsala ndi mmodzi. Ndamujambulira mmene amachitira, ndipo ndamuuza ayambire pa thupi lake, nayenso zaka zakwana.

Kalata imeneyo ndinailemba kanayi. Atatu oyambawo anali ndi mawu oti sangawerengedwe m'nyumba ya Msilamu. Yachinayi ikuyamba ndi chonde. Munthu amene wanditengera mwamuna ndamupempha kuti agwire mwana wanga pamene ine sindingafike. Ndikudziwa kuti achita bwino, modekha, monga amamulukira tsitsi, ndipo n'zimene zikundiwawa kuposa zonse.

Moni wake sindinalembe pamwambapo. Ndinayesa, dzanja linakana. Mwina chaka chamawa.

Ine mkazi wanu woyamba,
Nyima